Opopa pamanja, a batani kapena a padzanja: makina oyezera BP kwa osamalira agogo kuno ku Joni

Amalawi ambiri kuno ku Johannesburg tili pa ntchito yosamalira okalamba, ena m'nyumba za mabwana ku Randburg ndi Sandton, ena m'malo osungira nkhalamba. Ntchitoyi sithera pa kusambitsa ndi kumwetsa mankhwala. Adokotala amafuna kope la manambala a BP, ndipo amawonjezera kapena kuchepetsa mapiritsi potengera zomwe inu mwalemba. Nambala yolakwika ikhoza kuwagwetsa agogo m'bafa. Makina oyezera alipo amitundu itatu, ndipo kulakwitsa kwake n'kosiyana.

Opopa pamanja ndiwo omwe anamwino amaphunzirira kusukulu. Ali ndi lamba, mpira wopopera, geji ya muvi, ndipo amafuna stethoscope, chida chovala m'makutu chomvetsera kugunda kwa mtima. Njira yomvetsera phokoso la magaziyi anaitulukira dokotala wa ku Russia, Nikolai Korotkoff, mu 1905, ndipo mpaka lero makina ena ambiri amayesedwa poyerekeza ndi iyo. Mangani lamba pakhungu, m'munsi mwake mukhale masentimita 2 kapena 3 pamwamba pa popindikira chigongono. Musathamangire stethoscope. Yambani mwagwira kugunda padzanja ndi zala, popani mpaka kugundako kusowe, sungani nambalayo m'mutu, tulutsani mpweya. Kenako ikani stethoscope pamtsempha wa mkati mwa chigongono, popani kupitirira nambala ija ndi 30, n'kutsegula kavalavu pang'onopang'ono kuti muvi uzitsika 2 kapena 3 pa sekondi. Kugunda koyamba kumveka ndiyo nambala ya pamwamba, pomwe phokoso lathera ndiyo ya pansi.

Kuyamba ndi zala kuli ndi chifukwa chake. Mwa okalamba ena a BP yokwera, phokosolo limamveka, kenako limazimirira pakati, n'kudzayambiranso m'munsi. Munthu wopopa mpaka 160 basi akhoza kugwera m'kati mwa kachetechete kameneka, n'kulemba 150 pomwe BP yeniyeni ili 190. Vuto lina ndi kutsitsa muvi mothamanga, komwe kumachepetsa nambala ya pamwamba n'kukweza ya pansi. Palinso chizolowezi cholemba manambala othera ndi ziro okhaokha. Kope likadzaza 130/80, 140/90 sabata yonse, adokotala odziwa ntchito amayamba kulikayikira. Geji nayo ndi yosalimba. Ikagwa pansi kamodzi imatha kusokonekera, choncho onani kuti muvi wabwerera pa ziro lamba akaphwa, ndipo muziyesetsa pa miyezi 6 iliyonse. Ngati simunaphunzitsidwe kumvetsera ndi namwino, kapena wayilesi ya kanema ya agogo imakhala ikulira tsiku lonse, makina awa si anu.

A batani omanga pamwamba pa chigongono samvetsera kanthu. Amamva kunjenjemera kwa mpweya m'lamba pomwe mtsempha ukugunda, n'kuwerengera okha manambala awiri aja. Kwa wosamalira wodwala pakhomo, awa ndiwo tingakulangizeni kugula, ndipo tikunena mosazengereza. Safuna khutu lakuthwa, sazunguliza manambala, ndipo ambiri amasunga zoyeza zam'mbuyo. Amayendera mabatire, ndiye magetsi akazima sizikukhudzani. Koma si onse ali pa shelefu ku Clicks kapena Dis-Chem omwe anayesedwa mokwanira. Musanalipire, fufuzani dzina ndi nambala ya makinawo pa mndandanda wa makina oyesedwa bwino wa STRIDE BP pa intaneti.

Pomwe a batani amafooka ndi pa mtima wogunda mosalongosoka, makamaka matenda a atrial fibrillation omwe ndi ofala mwa okalamba ndipo amabweretsa sitiroko. Makinawa amawerengera ngati kuti kugunda kulikonse n'kofanana ndi kunzake. Kukamasiyana, mutha kupeza 128, kenako 151, kenako makina kukana. N'chifukwa chake zala zimatsogolabe ngakhale makina akhale odula chotani. Gwirani padzanja kwa mphindi yathunthu, osati masekondi 15 n'kuchulukitsa. Kugunda kukakhala kodumphadumpha, yezani katatu, lembani zonse, ndipo adziwitseni asisitala kapena adokotala kuti atsimikize ndi opopa pamanja. Ngati agogo akumwa mankhwala a mtima a digoxin, mvetserani ndi stethoscope pachifuwa penipeni, kumanzere pakati pa nthiti yachisanu ndi yachisanu n'chimodzi, pamzere wotsika kuchokera pakati pa fupa la m'munsi mwa khosi. Kugunda kukachepera 60 pa mphindi, funsani kaye musanapereke piritsi.

Chomwe chimawononga manambala ambiri pa mitundu iwiri yonseyi ndi lamba. Tengani tepi ya telala, yezani kuzungulira mkono pakati pa phewa ndi chigongono. Lamba wobwera m'bokosi nthawi zambiri amakwana mkono wa masentimita 22 mpaka 32, wamkulu 32 mpaka 42. Lamba wochepera mkono amakweza nambala, ndipo munthu wonenepa akhoza kuwonjezeredwa mankhwala omwe sakufunika. Wamkulu kwambiri pa kamkono kowonda ka agogo a zaka 90 amatsitsa nambala, n'kubisa vuto. M'nyengo yozizira ya June ndi July, musakwinyire dzanja la juzi m'mwamba mpaka lithine ngati chingwe. Vulani mkono umodzi, kwinako muwafunditse bulangete.

A padzanja, omanga pomwe timavala wotchi, amakopa chifukwa ndi aang'ono ndipo safuna kuvula. Ife timawayika kumapeto. Mitsempha ya pamenepo ndi yaing'ono, ndipo nambala imadalira kwambiri pomwe dzanja lili. Likatsika masentimita 10 pansi pa mtima, nambala imakwera ndi 7 kapena 8. Likakwera, imatsika chimodzimodzi. Agogo akangoligoneka pamwendo, mwapeza BP yomwe alibe. Makinawa ali ndi ntchito pokhapokha mkono wa pamwamba uli waukulu koti palibe lamba wokwana, kapena uli ndi bala. Zikatero, dzanja ligone pachifuwa molingana ndi mtima, lisapindike.

Makina alionse omwe mwasankha, agogo akhale pampando mphindi 5, msana utatsamira, mapazi ali pansi osapingasa miyendo, mkono utagona patebulo. Akhale atakodza kale, ndipo papite mphindi 30 chimwereni khofi kapena chisutireni fodya. Poyeza musawayankhulitse, ngakhale ali okonda nkhani. Tsiku loyamba yezani mikono yonse iwiri, ndipo kuyambira pamenepo muzigwiritsa ntchito womwe wapereka nambala yokwera. Musamange lamba pamkono womwe anakonza mtsempha wolumikizira makina otsuka magazi a odwala impso, kapena mbali yomwe anachotsa bere. Yezani kawiri m'mawa asanamwe mankhwala ndi kawiri madzulo, kusiyanitsa ndi mphindi imodzi kapena ziwiri. Kuchipatala malire ndi 140/90, koma zoyeza za pakhomo malire ake ndi 135/85, poti munthu amakhala womasuka m'nyumba mwake.

Pali kuyeza kumodzi komwe a batani amaposera enawo, ndipo osamalira ambiri sakuchita. Agogo akamadandaula chizungulire podzuka, yezani atagona mphindi 5, kenako ataimirira, pa mphindi yoyamba ndi yachitatu, inu mutawagwirira. Nambala ya pamwamba ikatsika ndi 20 kapena ya pansi ndi 10, kawauzeni adokotala, chifukwa nthawi zambiri gwero lake ndi mapiritsi a BP kapena okodzetsa. Ndi opopa pamanja, kugwira mpira, stethoscope ndi agogo nthawi imodzi kumafuna anthu awiri.

Mukapeza 180/110 kapena kupitirira, bwerezani pakatha mphindi zochepa, ndipo ikakhalabe pomwepo adokotala amve tsiku lomwelo. Koma ngati pali kupweteka pachifuwa, kubanika, pakamwa kupotoka, mkono kufooka kapena mawu kusamveka bwino, siyani makinawo, imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177, ndipo lembani nthawi yomwe zizindikirozo zayamba, chifukwa a ambulansi adzafunsa.