Sukulu ya mkombaphala yomwe ndinapezera mwana wanga ku Area 25

Amayi anzanga, ndinazungulira nazo izi ine. Malo atatu ndinakaona ndisanasankhe, ena kunja penti yowala bwino koma kungolowa mkati fungo la matewera lokhalokha, anti mmodzi ana gulu lonselo, iye ali pa foni. Ndinangobwerera pa geti.

Apa pomwe ndinamusiya wangayu ndi nyumba wamba, zidole zakenso ndi zakutha ndithu. Koma chinandikopa nchoti ndinafika osawauza, cha m'ma 10, ndinapeza ana akudya phala la Likuni aliyense mbale yake, atasamba m'manja ndi sopo, ma anti atakhala nawo pansi pa mkeka. Tsiku lolembetsa anandifunsa kabuku ka kusikelo kuti aone za katemera, anafunsanso kuti womutenga azikhala ndani. Mlamu wanga anapitako tsiku lina anamukaniza mpaka anandiimbira kaye, iye anakwiya koma ine mtima unakhala pansi.

Chondidandaulitsa ndi bwalo, ndi laling'ono, ndiye mvula ikagwa matope okhaokha. Fizi nayonso yakwera temu ino. Komabe mwana akumadzuka yekha kufuna chikwama, ngakhale Loweruka.