Miyezi 14 ndi kagusheshe kanga: kuboila, mabilu, ndi mdala anandigulitsa uja

Dzulo ndikutuluka mu galaja ku Booysens kuno ku Joni, lisiti ya R4,300 ili m'manja, foni nkulira. Mnzanga wa ku Rosettenville, tinakulira limodzi ku Balaka, akuti "aise ndaona BMW ngati yako ija pa Facebook, mtengo wake siwoipa, ndiitole?" Ndinamuuza kuti dikira ndikafike kaye kunyumba mtima utsike, chifukwa ndikanayankha pompo ndikanangoti gula njinga yakapalasa. Nde ndati ndingolemba zonse kamodzi, enanso munkandifunsa chaka chatha mumveretu.

Ndi BMW 325i ya 1989, zitseko ziwiri, yoyera, zija amati E30, zinkapangidwa konkuno ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria. Anyamata a mu lokesheni akangoiona amakuwa kuti gusheshe, ngakhale mwini dzinalo kwenikweni ndi 325iS ya injini ya 2.7, imeneyo mtengo wake musafunse nkomwe. Yangayi ndi ya 2.5, masilinda 6 ondondozana, magiya 5. Ndinagula R135,000 kwa mdala wina wa ku East Rand, ndalama yomwe ndinaunjika zaka zitatu ndikuwotcherera mageti a anthu.

Zomwe zili bho sinditaya nazo nthawi. Giyabokosi sinandivutepo olo tsiku limodzi. Mabuleki ndasintha mapadi kamodzi. Ndinaika mashokapu ndi mabushi atsopano, pa kona imangogwira msewu ngati yamatidwa. Mipando anandisokera alamu anga, ndi telala ku Mayfair, anangondilipiritsa chikopa chokha. Dzimbiri palibe, ndinayang'ana pansi pa batire, mu buti, m'mbali mwa mawilo, mwayera, galimoto yakhala ku Joni moyo wake wonse osanunkhizako mchere wa ku Durban. Kowerenga makilomita kanali katafa, timagiya tapulasitiki m'katimo timathetheka tikakalamba, ndinasintha ndekha Loweruka lina masana.

Nkhani ndi ya kuboila.

Tsiku lokaiona, munali mu June, kozizira zedi, ndinapeza injini ili yofunda kale. Mdala akuti wangobwera nayo kogula buledi. Tinaiyendetsa pa N12, msewu wotakasuka, mphepo ikulowa bwino kutsogoloku, koma ndinaona singano ya geji ya kutentha ikudumphadumpha. Nditafunsa, iye kuseka, akuti ma E30 onse amatero, kuli kanati kuseri kwa mageji kamakhwepa nde geji imanama. Ndipo chowawa ndi choti sananame, kanati kameneko kamakhwepadi pa galimoto zimenezi, wina aliyense amene anakhalapo nayo akuuzani. Anangotenga chilungamo chaching'ono nkuphimbira bodza lalikulu. Ine nditamva kulira kwa injini ija mutu unali utasiya kale kugwira ntchito, ndinasaina kapepala kake osawerenga bwino, ndalama nkupereka.

June, July, August, ine bwana. Kanati kaja ndinamanga, singano inakhazikika. Kenako October dzuwa lafika, ndili pa M1 madzulo cha pa Empire Road, mzere wa magalimoto osasuntha, ndikuona singano ikukwera pang'onopang'ono, yadutsa pakati, ikulowera kofiira. Ndinayatsa hita mpaka kumapeto kuti ikokeko moto wa injini, mawindo onse pansi, thukuta kamukamu, minibasi zikundiimbira mahutala, ine maso pa singano ngati mayi woyang'anira phala pamoto. Ndinakwanitsa kutuluka pa msewu waukuluwo, kutsegula boneti madzi akubwata mu kathanki, mapaipi ali gwa ngati thayala lopopa.

Makaniko woyamba anati ndi kilatchi ya fani. Anapinda nyuzipepala nkuigunditsa ku fani injini ikulira, fani nkuima, nde zinali zoona kuti yatha. R1,200. Sabata ziwiri bwinobwino, kenako yaboilanso pa Louis Botha. Akuti ladiyeta yatsekeka, R2,800. Yaboilanso. Akuti pampu ya madzi, ndipo poti tatsegula kale tisinthiretu lamba wa timing, R3,900. Apa pokha sindidandaula, injini ya galimoto imeneyi, amati M20, imayendera lamba osati tcheni, ndipo akaduka ma valve amaombana ndi mapisitoni injini yonse nkuthera pomwepo, mdala uja sankadziwanso kuti anasintha liti. Koma kuboila osasiya. M'mawa uliwonse ndimathira madzi pafupifupi theka la lita, pansi osaona podontha. Ndinafika poyenda ndi zigubu ziwiri mu buti ngati ndikupita ku mjigo.

Amene anaipeza nkhani ndi bambo ena achikulire a ku Nkhata Bay, akhala kuno kuyambira kale, amakonzera kuseri kwa nyumba yawo. Sanayankhule zambiri. Anamasula pamene pamakhala thermostat, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi malinga ndi kutentha kwa injini, nkundiitana, "tabwerani muone achimwene." Mulibe kanthu. Anaichotsa kalekale kuti madzi azingozungulira, galimoto izioneka yozizira ukamayenda pa msewu wopanda jamu. Makaniko woyamba uja anasintha pampu osaona zimenezi, mxii. Kenako anatenga kabotolo kokhala ndi mankhwala a buluu nkukaika pakamwa pa kathanki ka madzi, injini ikulira, nkumapopa. Mphindi sizinakwane ziwiri mankhwala aja asanduka achikasu. Akuti utsi wa mu silinda ukulowa m'madzi, kaya ndi hedi yeniyeniyo, chitsulo chija chovundikira masilinda pamwamba pa injini, kaya gasiketi yomata pansi pake, titsegule. Titatsegula gasiketi inali yatsopano ndithu, kusonyeza kuti wina anatsegulamo posachedwa, koma ku injiniyaring'i ataiyeza ndi mpweya hedi inapezeka yong'aluka. M'njira za madzi munali matope ofiirira, mankhwala aja amathira otseka podontha.

Hedi ina ya pa sikilapu, kuiyeza, kuipala, gasiketi seti, mabauti atsopano, thermostat, ntchito ya bambo aja, zonse R21,500. Kuphatikiza bulekidauni yomwe inandinyamula tsiku lina usiku R1,500, nkhani ya kuboila yokha inadya R30,900. Galimoto inakhala pa majeki sabata 7. Ndipo ine ndinali nditalengeza kale kumudzi kuti December ndikubwera nayo, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza, anthu akaone. Ndinakwera basi pa Park Station ngati wina aliyense, a malume kundifunsa kuti galimoto ija mwaisiya pa boda?

Tsopano mdala. Nditamuimbira koyamba anandiuza mokoma kuti tawerenganso kapepala unasaina kaja, palembedwa voetstoots, kutanthauza kuti wagula mmene chilili, zako zimenezo. Ndinafunsafunsa, ndipo zoona, lamulo lija la Consumer Protection Act limagwira ogulitsa a bizinesi, munthu wamba akakugulitsa galimoto yake silikuthandiza. Koma voetstoots simuteteza munthu amene ankadziwa vuto nkulibisa dala. Vuto ndi umboni. Nde tamverani izi. Ndikutsuka mu buti, ndachotsa thayala la sipeya, pansi pake pali kalisiti kopindika kothimbirira, ka shopu ya masipeya, gasiketi ya hedi ndi botolo la mankhwala otseka podontha, deti yake miyezi iwiri ndisanagule galimoto. Ndinakhala pansi pa simenti nkuseka ndekha ngati wamisala. Ndinajambula nkumutumizira pa WhatsApp, pamodzi ndi kalata yomupatsa masiku 14, apo ayi tikaonana ku Small Claims Court, kuja sikufuna loya ngakhale malire ake anali R20,000. Mawu anasintha tsiku lomwelo, ndinasanduka "bwanawe". Tinagwirizana R10,000. Anatumiza R6,000 mu March, yotsalayo akuti kumapeto kwa mwezi. Sanatchule kuti mwezi wake uti.

Chikonzereni hedi singano sinasunthepo, olo pa jamu ya bwanji. Ndipo ndisanamize, Lamlungu m'mawa ndikaitulutsa kulowera ku Hartbeespoort, msewu uli phee, giya yachitatu singano ya marevu ikudutsa 4,000, kulira kumene imalira kuja ndimaiwala lisiti iliyonse. Anthu amati kuno ku Joni injini zopanda turbo zimafooka chifukwa tili pamwamba, mamita oposa 1,700, mpweya ndi wopepuka, nde ndimangoganiza kuti ku nyanja ingamakoke bwanji. Pa filing'i sitesheni ana amajambula, madalaivala a minibasi omwe aja ankandiimbira mahutala pano amatulutsa dzanja kuti ndiizunguze itulutse utsi. Ine ayi, matayala ndimagula ndekha. Masiku ngati amenewo ukandifunsa ndikuuza kuti gula mawa lomwe.

Koma Lolemba limafika. Petulo imamwa ngati ili pa ukwati. Mitambo ikangoda nyengo ya mvula mtima uli m'mwamba kuopa matalala, ndimathamangira pansi pa denga lililonse. Akuba amazikonda galimoto zimenezi, nde pali tracker yolipira mwezi ndi mwezi, loko wa giya, ndipo malo ena sindiimika nkomwe. Lisiti ya dzulo ija inali ya labala ndi bering'i ya propshaft, chitsulo chopititsa mphamvu ya injini ku mawilo akumbuyo, inayamba kugunda pansi ndikamanyamuka, ukalamba basi, palibe womuloza chala. Mayi a kunyumba samawerenga mu marandi, amawerenga mu matumba a simenti, akuti hedi yokha ija bwenzi nyumba ya ku Balaka itafika pa lintala. Sindimayankha.

Ndawonkhetsa usiku wathawu. Kugula R135,000, zokonza ndi zowonjezera zonse pafupifupi R58,000, kuchotsapo R6,000 ya mdala, ndili pa R187,000. Mwezi watha mnyamata wina ku Soweto ananditsatira mpaka pa loboti akuti R170,000 kashi lero lomwe. Ndinakana, ndipo dzulo ndili ndi lisiti m'manja ndinafufuza nambala yake mu foni, mwamwayi kapena mwatsoka sindinaisunge.

Nde aise, yankho lako ndi ili. Ngati ndalama uli nayoyo ndi yokwana kugula basi, isiye. Ngati pali R30,000 ina yapadera yomwe akazi ako sanaiwerengere kale, muuze mwini wakeyo kuti Loweruka tikubwera 7 koloko m'mawa ndipo asailize, ndikufuna ndikagwire injini ndi dzanja langa ili yozizira. Ndibwereka kabotolo ka buluu kaja kwa bambo a ku Nkhata Bay, tikaiimike ikulira mphindi 30 pamalo amodzi, tikachotsenso thayala la sipeya. Akakana chimodzi mwa zimenezi tikwere tibwerere. Pobwerera tidzadutsa ku East Rand, ndili ndi R4,000 yanga kumeneko, mdala wawerenga meseji yanga m'mawa uno koma sanayankhe.