Masabata anayi ku Salamanca: Chisipanishi ndinachiphunzira patebulo

Ndimagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono kuno ku Blantyre yotengera alendo ku Mulanje, ku Majete ndi ku Liwonde. Chaka chilichonse timalandira timagulu ta anthu a ku Spain amene Chingerezi chawo n'chongopemphera madzi akumwa, ndipo ulendo wonse ine ndinkangowamwetulira basi. Abwana atanena kuti alipira theka la ndalama zoti ndikaphunzire Chisipanishi, ndinasankha sukulu ina ya chinenero ku Salamanca, mzinda wa ku Spain, ya masabata anayi, yomwe imakupezeranso banja loti uzikhala nalo. Anzanga akhala akundifunsa ngati ndalamazo sizinangolowa m'madzi. Sizinalowe m'madzi ayi, koma chimene chinandipindulitsa si chimene ankatsatsa kwambiri pa intaneti.

Ndinanyamukira pa Chileka, kusintha ndege ku Addis Ababa, kutera ku Madrid, kenako basi ya maola awiri ndi theka. Visa ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Spain, ndi mayuro 90, ndipo amafuna inshuwalansi ya zaumoyo yofika mayuro 30,000, kalata ya sukulu ndi umboni wa kumene ukagone. Pa makalatawa sukulu inachita changu, sindinadandaule. Chinandiumitsa mutu ndi kupeza mayuro. Amene anayesapo kulipira chinthu kunja chigwereni kwacha mu Novembala 2023 akudziwa: ndinapondaponda ku banki milungu itatu, tsiku lililonse "mubwerenso mawa".

Kalasi inkayamba 9 koloko m'mawa mpaka 1 koloko, Lolemba mpaka Lachisanu. Tsiku loyamba amakuyesa kuti aone pamene uli, ine n'kundiika pansi penipeni, pa gawo la oyamba kumene lotchedwa A1. Aphunzitsi athu anali mtsikana wamng'ono kwa ine, koma ntchito ankaidziwa. Sanalankhulepo liwu limodzi la Chingerezi. Ukapanda kumva ankajambula pa bolodi, kuchita sewero, mwina mpaka kukwawa pansi. Chimene chinandikwiyitsa n'chakuti anatilonjeza kuti m'kalasi sitipitirira anthu asanu ndi atatu, koma tinalimo 13, ambiri ana a ku koleji ochokera ku America amene belu likangolira ankabwerera ku Chingerezi chawo. Maulendo a masana amene pa intaneti ankaoneka ngati ali m'kati mwa mtengo, ambiri anali olipira padera. Waulere unali woyenda wapansi m'tauni: bwalo lalikulu la Plaza Mayor, mlatho wa Aroma pa mtsinje wa Tormes, ndi khomo la yunivesite yomwe inayamba mu 1218, pamene aliyense amaima khosi lili m'mwamba kufunafuna kachule kosemedwa pamwamba pa chigaza. Ndinakaona pokhapokha wina atandilozera.

Ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi umene a ku America alibe. Mavawelo a Chisipanishi ndi asanu omwewa, a, e, i, o, u, ndipo amatchulidwa ngati kwathu. Chilembo chawo cha ñ ndi ny wathu wa nyama. Powerenga mokweza ndinkawasiya kutali anzanga onse. Koma pali dzenje limodzi: l ndi r. Ife tikati Lilongwe kapena Rirongwe palibe amene amasochera. Kumeneko pelo ndi tsitsi, pero ndi "koma", perro ndi galu.

Banja limene ndinkakhala nalo linali la mayi ndi bambo opuma pantchito, ana awo onse anachoka, kunyumba kunangotsala kagalu koyera. Bambowo ali ndi dazi loti ungadziyang'anirepo. Usiku wachitatu ndinafuna kuonetsa zimene ndaphunzira, ndiye ndinawayang'ana n'kunena mwaulemu wonse kuti "me gusta su pelo". Ndimafuna kunena kuti kagalu kawo kandisangalatsa. Bambo aja anasisita dazi lawo pang'onopang'ono, n'kuthokoza. Mayi anaseka mpaka kutsamira furiji, misozi ili chuchuchu. Kuyambira tsiku limenelo, tikatha kudya bambowo ankandikhazika pansi kundiphunzitsa kugudubuza lilime, rrr, rrr, ngati njinga yamoto ya kabaza ikukana kulira. Kusukulu palibe amene anali ndi nthawi yochita nane zimenezo.

China chimene chinandivuta si galamala koma ulemu. Mayiwo ankakana kuti ndiziwatchula usted, omwe ndi ngati "inu" wathu. Ankafuna tú, ndiponso dzina lawo loyamba, popanda "mayi" kutsogolo. Tangoganizani kuuza munthu wa msinkhu wa amayi anu kuti "iwe, patse mchere". Lilime linkakana. Sabata yonse yoyamba ndinkazemba, kupanga ziganizo zopanda "iwe" kapena "inu", mpaka anandigwira. Iwo ankandiitana kuti hija, mwana wanga.

Zakudya nazo zili ndi nkhani yake. Ine ndine wa Seventh Day, nkhumba sindidya, ndipo ndinalemba zimenezi pa fomu. Sukulu sinawauze. Tsiku loyamba anandiikira mbale ya mphodza, m'kati muli tizidutswa tofiira. Nditafunsa ndi manja ngati ndi nkhumba, mayi anayankha mtima uli m'malo kuti ayi, ndi chorizo chabe. Chorizo ndi soseji ya nkhumba. Ku Salamanca nkhumba ili paliponse, miyendo yake ili lendelende m'mashopu, ngakhale hornazo, chitumbuwa chimene amanyadira nacho, n'chodzaza nkhumba yomweyo. Titamvana, mayiwo sanalakwitsenso: nkhuku, nsomba, ndi tortilla ya mazira ndi mbatatesi imene mpaka pano ndikuyesa kuphika ku Chilomoni koma imangophwasuka poitembenuza.

Nkhomaliro amadya cha m'ma 2 koloko, mgonero 9 koloko usiku, nthawi imene kwathu mbale zatsukidwa kale. Chakudya cham'mawa ndi khofi ndi kabuledi basi. Masiku oyamba njala inkandipweteka m'kalasi, mpaka ndinayamba kuyenda ndi nthochi m'chikwama. Koma akatha kudya sadzuka, amakhala pompo kucheza, ola lathunthu nthawi zina, TV ikulankhula yokha. Pamenepo ndiye panali sukulu yeniyeni. Ankandifunsa za Nyanja ya Malawi, za chifukwa chake sindinakwatiwe, za mtengo wa shuga, ndipo ndinalibe kothawira chifukwa Chingerezi sankachidziwa n'komwe.

Sabata yachitatu ndinapeza ufa woyera wa Harina PAN mu kashopu ka anthu a ku Latin America. Si ufa wathu, ndi wophikaphika kale ndipo umalimba msanga, koma nsima inatuluka. Bambo anadya ndi foloko ndi mpeni. Mayi anayesa ndi manja, n'kupempha ina.

Zodandaula za kunyumbako zilipo. Anandiuza kuti ndi mphindi khumi kupita kusukulu, koma zinali 25, ndipo ndinapita mu Febuluwale. Kuzizira kwa chiperoni n'kwamasewera. Kumeneko m'mawa madzi amaundana pa magalasi a galimoto. Chotenthetsera m'nyumba ankayatsa madzulo okha, kusamba kunali kwa changuchangu, kuchapa kamodzi pa sabata. Ndalama ya nyumba inaposanso ya sukulu.

Masabata anayi sakupanga munthu katswiri. Ndinabwera ndi satifiketi ya sukuluyo yosonyeza kuti ndamaliza A1, yomwe si DELE, satifiketi yovomerezeka ndi boma la Spain yoperekedwa ndi bungwe la Instituto Cervantes. Imeneyo ili ndi mayeso akeake olipira padera. Ndikadzapitanso ndidzasankha Meyi, ndidzalembera banjalo ndekha za nkhumba ndisananyamuke, ndipo ndidzaumirira nyumba yopanda wophunzira wina wolankhula Chingerezi. Mwezi watha ndinakwera ndi alendo asanu ndi mmodzi a ku Valencia kupita pa mathithi a Dziwe la Nkhalamba, ndipo mayi wina atatsetsereka pa mwala ndinamva zonse zimene ananena, ndi zotukwana zomwe.