Mitu ya mivi ya magireni 125 yandisiyitsa ya 100

Alamu anga anandibweretsera paketi ya mitu itatu ya mivi yosakira nyama, yotchedwa broadhead, kuchokera ku Johannesburg, ya mipeni itatu yosapinda, uliwonse wolemera magireni 125. Ndinawaseka kuti ataya ndalama, poti crossbow yanga, uta wogwiridwa ngati mfuti, ndinaizoloweretsa mitu ya 100. Wa 100 ndi magalamu pafupifupi 6.5, wa 125 ndi magalamu 8 ndi kakusiyana pang'ono. M'dzanja simungamve n'komwe.

Loweruka ndinapita nayo kufamu ya amalume ku Chongwe, mphepo ya Ogasiti ili pikitipikiti ndi fumbi. Pa mamita 20 mitu yonse iwiri inkagwera malo amodzi. Nditabwerera pa 40, wolemerawo unatsika ngati chikhatho changa chonse. Mizere ya mu sikopu, kagalasi koyang'aniramo polasa, ndinaitchera ndi mitu ya 100, ndiye ndinayambiranso kutchera, dzuwa mpaka kupendeka.

Koma kulowa kwake, abale! Muvi woyamba unamira mu chandamale cha thovu mpaka pafupi ndi nthenga. Ndinachita kuponda chandamalecho ndi phazi n'kukoka ndi manja onse awiri, amalume ali chikhalire pampando akungoti, "Mphwanga, usathyole msana." Kulemera kukakhala kutsogolo, muvi suvina mumphepo ngati wopepuka uja, ndipo uta umalira motsika chifukwa mphamvu yambiri ya chingwe imathera mu muviwo. Liwiro limatsika pang'ono, inde. Kwa njiri, yachikopa cholimba chija, ndasankha kulowa kusiyana ndi liwiro. Amene amangofuna nswala pafupipafupi asavutike, ya 100 imukwanira.

Zondinyansa zilipo ziwiri. Mipeni inabwera yosathwa mokwanira. Ndinayesa kumeta cheya cha pamkono, osatheka, mpaka ndinainola ndekha pamwala. China, mu paketi mulibe nsonga zoyeserera za 125. Ndazungulira mashopu mu Lusaka osazipeza, ndiye mutu umodzi ndaupereka nsembe kuti ukhale woyeserera. Yotsala iwiri ndaikulunga m'nsalu yamafuta.

Nyama sindinalase nayo. Za chilolezo ndiyamba ndakafunsa ku ofesi ya zanyama zakutchire ku Chilanga, ndipo alamu ndawatumizira kale uthenga pa WhatsApp kuti ulendo wotsatira abwere ndi nsonga zoyeserera zisanu ndi imodzi, za 125 zomwezo.