Miyezi 17 ndi Zotero: ngongole yomwe ndinalonjeza kubweza

Mu February 2024, nditangotha milungu itatu ndikugwiritsa ntchito Zotero, ndinauza anzanga a m'kalasi kuti ndapeza chida chomwe chindimalizitse sukulu. Ndinalankhula mwamatama ndithu. Mmodzi mwa iwo, bambo wachikulire amene amaphunzitsa pasekondale ina ku Ntcheu, anangoti, "Mayi, mudzatiuze chaka chamawa. Nsapato yatsopano siidziwika pa tsiku loigula." Pano tili mu July 2025, thesis yanga yapita kwa oyesa, ndiye ngongole ija ndibweze.

Ndine mlangizi wa zaulimi kuno ku Dedza, mbali ya Bembeke. Digiri yanga ya Masters ndi yokhudza kasungidwe ka mbewu ya mbatata ya kachewere pakati pa alimi ang'onoang'ono. Ndaphunzira ndili pantchito: m'kati mwa sabata ndili m'minda, kusukulu kumapeto kwa sabata, kunyumba ana atatu. Laibulale ya yunivesite ndinkaiona mwa apo ndi apo, choncho laibulale yanga yeniyeni inali laputopu yakaunjika yomwe ndinagula ku Lilongwe.

Kwa amene simunaimvepo, Zotero ndi pulogalamu yaulere yosungiramo mabuku ndi mapepala a kafukufuku amene mukuwerenga. Inayambira ku George Mason University ku America mu 2006. Mukaiyika pakompyuta imadzilumikiza ndi Word, LibreOffice kapena Google Docs, ndipo mukafuna kutchula wolemba m'kati mwa chiganizo mumangolemba dzina lake, iyo n'kuika dzina ndi chaka pamalo pake. Mndandanda wa mabuku wa kumapeto uja imakonza yokha.

Chimene ndinachiyamikira poyamba ndipo ndikuchiyamikirabe n'chakuti imagwira ntchito popanda intaneti. Kwathu kuno netiweki imabwera ndi mphepo, ndipo bandulo imatha usanadziwe kuti yayamba liti. Ndiye ndinkachita ngati munthu wopita kuchigayo: ndikafika pamalo pa Wi-Fi kusukulu, ndinkakolola mapepala a milungu iwiri. Ena ndinkawatenga pa African Journals Online, ena pa CGSpace pomwe pamapezeka zolemba za International Potato Center, bungwe lofufuza za mbatata lomwe likulu lake lili ku Lima m'dziko la Peru. Olipiritsa ndinkawapeza kudzera pa AGORA, gawo la zaulimi la Research4Life, lomwe mayunivesite a m'Malawi olembetsa amalowamo ulere. Mufunseni woyang'anira laibulale za chimenechi, ambiri a m'kalasi mwathu anatha chaka chathunthu osadziwa kuti chilipo. Pepala likakhala ndi DOI, nambala ija yoyamba ndi 10, mumangoimata pakabokosi ka chizindikiro cha kandodo, ndipo mutu, olemba, chaka ndi masamba zimabwera zokha. Apo pokha ndi pofunika intaneti. Kuwerenga, kudula mizere, kulemba manotsi ndi kuika mayina mu Word, zonsezo ndazichitira pamphasa magetsi atazima.

Nthawi yanga yowerenga inali 3 koloko m'bandakucha kufika 5 koloko, ana asanadzuke. Amene munagonako ku Bembeke mu June mukudziwa zimene ndikunena. Ndinkavala majuzi awiri, chitenje kumapazi, mbaula pambali, koma zala zinkaumabe moti kulemba mawu oti "Phytophthora infestans", dzina la kachirombo koyambitsa chiwau cha mbatata, kunkakhala ngati kusenda chinangwa ndi supuni. Zotero 7 itatuluka mu August 2024 inabwera ndi maonekedwe akuda a usiku, ndipo bambo a kunyumba anasiya kudandaula kuti kuwala kukuwalowa m'maso. Batire ya laputopu inkapirira ola limodzi ndi theka basi, koma ilo ndi vuto la kaunjika, si la pulogalamu.

Tsiku lomwe ndinaikonda kwambiri linali mu October. Proposal ndinali nditailemba motsata kalembedwe ka mayina a olemba ndi mabuku kotchedwa APA, ya nambala 6, kenaka tinauzidwa kuti tonse titsate ya nambala 7. Kusiyana kwake kumaoneka kochepa koma n'kotopetsa: mu APA 7, olemba akakhala atatu kapena kuposera apo mumatchula woyamba yekha ndi "et al." kuyambira ulendo woyamba, ndipo mzinda womwe buku linasindikizidwira sulembedwanso. Anzanga ena anakhala Loweruka ndi Lamlungu akukonza dzina limodzilimodzi. Ine ndinasankha dzina la kalembedwe katsopano pamndandanda, ndinakatereka madzi a tiyi, pobwera zonse zili m'malo.

Koma bambo a ku Ntcheu aja sananame.

Zotero imakhulupirira chilichonse chimene mwaipatsa. Zikalata zambiri zofunika kwa ife ofufuza za kwathu kuno zilibe DOI: malipoti a boma, ma thesis akale, timabuku ta alangizi, zina zojambulidwa ndi foni mopendekeka. Zimenezi muyenera kuzilemba nokha pamanja, ndipo mukalakwitsa kamodzi, cholakwikacho chimakutsatani chaputala chilichonse. Ine ndinalowetsa lipoti la kalembera wa 2018, lomwe National Statistical Office ya ku Zomba inatulutsa mu 2019, pofuna kutchula kuti boma la Dedza linali ndi anthu 830,512. Dzina la bungwelo linalowa ngati dzina la munthu, loyamba padera, la bambo padera. Sindinaone. Asupavaiza anga, dokotala wofatsa koma wa cholembera chakuthwa, anazunguliza mzere wofiira pa "Office, N. S. (2019)" n'kundifunsa, "Mayi, a Office amenewa ndi a kwanu ku Dedza? Ndikufuna ndidzawaone." Ndinafuna nthaka ing'ambike. Mankhwala ake ndi kabatani kakang'ono pambali pa dzina la wolemba, kosintha mabokosi awiri kukhala limodzi. Dzina lililonse la bungwe liyenera kulowa m'bokosi limodzi.

China ndi zilembo zazikulu. APA imafuna mutu wa pepala ulembedwe ngati chiganizo wamba, chilembo chachikulu koyambirira kokha ndi pa mayina. Zotero ili ndi njira yotsitsira zilembo zonse nthawi imodzi, koma siidziwa kuti Malawi ndi dziko kapena kuti Tsangano ndi malo. Mukapanda kubwerera kukakweza nokha, mudzapeza "malawi" ndi "ntcheu" zili mbwee m'mndandanda. Usiku wina wonse unathera pa ntchito imeneyi.

Za malo osungira ndinene mosabisa, chifukwa poyamba paja sindinazitchule. Pa intaneti amakupatsani 300 MB yaulere yosungira ma PDF, ndipo yanga inadzaza mwezi wachitatu usanathe. Kuonjezera kufika 2 GB ndi madola 20 pachaka. Kwa ena ndi ndalama ya chakudya chamasana, koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, komanso ndi mmene ndalama zakunja zimavutira, ine ndinaona kuti bola feteleza. Ndinatseka zotumiza ma PDF, ndinapitiriza zotumiza mayina a mabuku ndi manotsi zokha, zomwe n'zaulere ndipo zilibe malire. Foda yonse ya Zotero ndinkaikopera pa fulashi Lamlungu lililonse. Kunena zoona, Lamlungu lililonse lomwe ndakumbukira.

Mu January chaka chino mwana wanga wamng'ono anagubuduzira kapu ya phala pa laputopu. Inazima osadzukanso. Ndinakhala pansi pakhonde osalira, osalankhula, mpaka bambo ake anachita mantha. "Amayi, nenani kanthu." Patapita masiku anayi mchimwene wanga anandibwereka yake. Nditalowa mu akaunti, mabuku onse anabwerera, manotsi onse, ngakhale mizere yachikasu yomwe ndinadula m'mapepala, chifukwa Zotero imaisunga padera osati m'kati mwa PDF. Ma PDF ndinawatenga pa fulashi, yomwe inali yotsalira ndi milungu itatu. Amene anasowa ndinakawakololanso. Chenjezo limodzi lomwe eni pulogalamu amanena okha: foda ya Zotero musaiike m'kati mwa Google Drive kapena Dropbox poganiza kuti mwachenjera, imaonongeka.

Tsopano pa nkhani yomwe yandipangitsa kulemba zonsezi. Vuto lalikulu lomwe ndinakumana nalo silinali la batani lililonse. Kusunga pepala mu Zotero n'kosavuta kwambiri moti mtima umakhuta ngati wawerenga. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pofika mwezi wachisanu ndinali ndi mapepala oposa 300 oikidwa bwino m'mafoda a mayina okongola, koma amene ndinawawerenga mpaka kumapeto sankakwana 40. Chaputala chachiwiri, chounika zimene ena analemba kale, ndinachilemba ngati kuitana mayina pamsonkhano wa makuponi: uyu anati chakuti, uyu anati chakuti, uyunso anati chakuti. Mayina ndi zaka zonse zinali zolondola bwinobwino. Chinabwerera ndi mawu ochepa pamwamba: "Ndamva onsewa. Inu mukuti chiyani?"

Ndinakhala milungu iwiri osachitsegula. Kenaka ndinadziikira lamulo loti pepala lililonse ndikaliwerenga, ndisanatsegule lina, ndilembe kanoti pansi pake koyankha zinthu zitatu: anafunsa funso lanji, anafufuza kuti ndi kwa ndani, nanga zikugwirizana kapena kutsutsana bwanji ndi zimene ndimaona ku Bembeke. Ndipo ndinkalemba m'Chichewa. Izi zinayamba mwangozi, tsiku lina mutu utatopa ndi Chingerezi, koma ndinaona kuti m'Chichewa sindingabe chiganizo cha mwini wake. Ngati sindinamvetse, cholembera chimangoima. Pobwezera m'Chingerezi mawu amakhala anga kale, ndipo pulogalamu yofufuza zokopera ya kusukulu sinandivutitsenso.

Ndipereke chitsanzo. Mapepala ambiri amayamikira kusunga mbewu ya mbatata pa timathandala m'kanyumba kolowa mphepo ndi kuwala kosawomba mwachindunji. Mbewu yotere imatulutsa mphukira zazifupi, zobiriwira, zolimba, pamene ya mumdima imatulutsa zazitali, zoyera, zothyoka msanga pobzala. Ndinali nditawerenga zimenezi kangapo n'kumangodula mizere yachikasu. Tsiku lina gogo wina kumudzi anandilowetsa kuchipinda, n'kukoka thumba pansi pa bedi. Mphukira zinali zoyera, zazitali ngati zala, zitapotana. Ndinawafunsa ngati anamvapo za kanyumba kaja. Anaseka. "Mwanawe, ndinamva kalekale. Koma mbewu ndiisiye panja, ine ndili m'nyumba? Mawa ndidzaipeza pamsika pa Lizulu." Usiku womwewo ndinalemba pansi pa mapepala atatu kanoti kamodzimodzi: awa akuyankha funso la kuwala, agogo akufunsa funso la akuba. Chaputala chachiwiri chatsopano chinamera pa kanoti kameneko, ndipo chinadutsa ndi zokonza zochepa. Mapepala omwe analowa mu thesis yomaliza sanafike ngakhale theka la amene ndinasonkhanitsa.

Apa Zotero inathandiza m'njira yomwe sindinaiganizire poyamba. Manotsi amasakika. Ndikalemba "akuba" kapena "chiwau" m'kabokosi kofufuzira, mapepala onse omwe ndinawalumikiza ndi nkhaniyo amatuluka pamodzi, ngakhale amene ndinawawerenga chaka chatha m'minibasi ya ku Lilongwe.

Zing'onozing'ono ziwiri za kumapeto kwa ulendo. Thesis ikakula, Word imayamba kukwawa nthawi iliyonse mukaika dzina. Tsekani zoti Zotero izikonza mayina yokha nthawi zonse, muzidina Refresh mukamaliza tsiku. Ndipo potumiza kwa asupavaiza, pangani kope lina n'kudina Unlink Citations pa kopelo, kuti iwo akonze momasuka osasokoneza kalikonse. Koma onetsetsani kawiri kuti ndi kope, chifukwa mukadula pa chikalata chenicheni palibe kulumikizanso, muyambiranso kuika dzina limodzilimodzi.

Zina zonse za Masters sizikuikhudza Zotero. Chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa anthu ofunsidwa ndinachidikira ndekha. Kwa mafumu ndinapita ndekha kukapempha malo. Mayankho a mafunso ndinasonkhanitsa ndi pulogalamu ya KoboToolbox pafoni, imenenso imagwira popanda netiweki, koma iyo ndi nkhani ya tsiku lina. Fizi inkafuna ndalama, osati pulogalamu. Ndipo panali mwezi wathunthu womwe chaputala chachinayi chinangokhala chete kwa ochiwerenga, ine n'kumayang'ana foni ngati mlimi woyang'ana mitambo mu November.

Ndingailimbikitse kwa ndani? Kwa aliyense amene akuyamba Masters kapena PhD, makamaka wokhala kutali ndi laibulale, ndipo aiyike sabata yoyamba, osati atalemba kale machaputala atatu pamanja. Wolemba ka asayimenti ka mabuku asanu asadzivutitse. Mawu anga aja oti "chindimalizitsa sukulu" ndawabweza theka. Theka linalo ndikuliimirira, ndipo ndinawauza choncho bambo a ku Ntcheu titalankhulana pafoni sabata yatha. Iwo ali pa chaputala chachitatu, mndandanda wa mabuku akulembabe pamanja m'kope la sukulu. Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Nanga Loweruka muli kuti, mayi?" Tagwirizana kukumana pa Lizulu, pakati pa kwawo ndi kwathu. Iwo abwera ndi laputopu ndi fulashi, ine ndawauza kuti malipiro anga ndi kabichi muwiri ndi ndowa ya tomato.