Marshall JCM800 ndi Mesa/Boogie Dual Rectifier: Iti Yoyenera Woimba Hard Rock?

Marshall JCM800 2203 inatuluka ku England mu 1981, pamene Dual Rectifier inapangidwa ku California kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Onse ndi maampulifaya a gitala a mawati 100, ogwiritsa ntchito machubu (timababu tagalasi tokuza mawu).

Pa gain (mphamvu yopatsa mawu a gitala ukali), JCM800 imapereka yapakatikati, ndipo imakoma ikakwezedwa mpaka sipika zitanjenjemera. N'chifukwa chake ambiri amaika pedulo ya Tube Screamer (kabokosi koponda ndi phazi kowonjezera ukali wa mawu) patsogolo pake kuti mawu alume. Rectifier ili ndi gain yochuluka kale, moti mukapotokola batani la gain mpaka kumapeto, mawu a zingwe amaphatikana ngati phala, choncho ndi bwino kuisiya chapakati.

Machubu a EL34 a Marshall amatulutsa mawu apakati owala, omveka bwino pakati pa ng'oma ndi bezi.
Machubu a 6L6 a Rectifier amatulutsa mawu okhuthala, olemera pansi.

Pokonza, JCM800 njosavuta chifukwa ili ndi tchanelo (njira yodutsamo mawu yokhala ndi kamvekedwe kakekake) chimodzi, ngakhale zonse zimafuna machubu atsopano pakapita nthawi.

Woimba hard rock yachikale, amene amachepetsa ukali wa mawu ndi batani la pagitala, asankhe JCM800, ndipo ine ndimaikonda pa chifukwa chimenechi. Rectifier ikuyenera amene amamasula zingwe kuti zilire pansi ndipo amafuna kusintha matchanelo ndi phazi.