Kansomba ka R420 konga chambo: nyenyezi zitatu, ziwiri zinapita ndi mphete ndi mnyamata wa kushopu

Ndadikira miyezi itatu ndisanalembe, chifukwa ndikanalemba Loweruka lomwe ndinkachokera ku damu la Albert Falls lija, ndemanga iyi akanaichotsa kamba ka mawu oipa. Pano mtima watsika, ndiye ndifotokoze bwinobwino.

Ndikunena nyambo yowedzera, kansomba kapulasitiki kaja ka mfundo zinayi, ka masentimita 13, kopakidwa ngati kurper (chambo cha kuno), komira pang'onopang'ono. Amene mumawedza nsomba za bass kuno ku KZN (KwaZulu-Natal, ku South Africa) mukukadziwa. Sakapachika pashelufu poti aliyense agwire, kamakhala kuseri kwa kauntala ngati mankhwala a kuchipatala. R420, kamodzi kokha. Ndalama yoti ukaitumiza kumudzi, mayi amaimba foni kawiri kuthokoza.

Ndiyambe ndi kushopu, poti ndiko mkwiyo wanga unayambira. Ndinalowa madzulo ndili mu ovolosi, ndikuchokera kuntchito. Ndinaloza kansombako. Mnyamata wa pakauntala anandiyang'ana kuyambira kumajombo mpaka kuchipewa, n'kufunsa kuti abwana anga andituma mtundu uti. Ndinati n'zanga. Anaseka pang'ono, n'kundilozera kumene kuli nyongolotsi ndi phala la chimanga lowedzera nsomba za carp, akuti zimenezo ndiye zingandiyanje. Ine wake, wobadwira ku Nkhotakota, amene ndinayamba kukolowetsa nyambo kumbedza ndisanadziwe kulemba dzina langa! Ndinameza malovu. Ndinangofunsa funso limodzi, funso la msodzi aliyense: "Kodi mbedza ndi mphete zake n'zolimba?" Anayankha maso ali pafoni, akuti zitha kukoka ngakhale ng'ona. Mawu amenewa muwasunge.

Kukongola kokha, sindingakanamizire. Nditakatulutsa m'bokosi kunyumba, mayi a ana anayesa ndabweretsa kamakumba kamodzi kodzawanyoza nako. Mamba ake amaoneka limodzilimodzi, timizere takuda m'nthiti, zipsepse zofiirira kunsonga, diso lonyezimira ngati langovuulidwa kumene. Ndinakakoka m'bafa usiku womwewo, kakuyenda mokhotakhota, ndipo ndikaima kamatembenuka cham'mbali ngati kansomba kodwala kamene katsalira anzake. Mlamu wanga atakaona anati, "Alamu, R420? Bola mukanagula nkhuku zitatu, izi ngakhale kuwotcha sizitheka."

Maulendo atatu oyamba sikanagwire kanthu. Zii. Mlamu akuvuula tiana ta bass ndi Senko yake yotchipa (nyongolotsi yapulasitiki), ine ndikungosambitsa R420 m'damu, phewa likuwawa. Kamalemera pafupifupi magalamu 40, ndiye ndodo yopepuka imene mumaponyera nyongolotsi zapulasitiki musayese, ingathyoke. Izinso mnyamata uja sananene.

Tsopano tsiku lenilenilo. Unali September, nthawi imene madzi ayamba kufunda ndipo bass zikuluzikulu zimasendera kosaya kudzafuna pobereka. Tinalowa m'madzi kusanache bwino, nkhungu ili mbuu pamwamba pa damu, bwato laling'ono lobwereka, mlamu kumbuyo ine kutsogolo. Tinapita kumene kuli mitengo youma yomira ija. Bass ndi nsomba yobisalira, khalidwe lake ndi la sungwa wa kwathu: imaima phee pafupi ndi chitsa kapena udzu, kudikira kanthu kopusa kadutse. Ndinaponya kupitirira mtengo wina wa nthambi ziwiri, n'kuwerenga mpaka faifi kuti kamire, kenako ndikupukusa pang'onopang'ono, pang'onopang'ono kwenikweni, moti munthu wosaleza mtima sangathe. Madzi anali oyera ndithu tsiku limenelo, kansombako ndinkakaona kakubwera, kakugwedeza mchira. Kenako kumbuyo kwake ndinaona mthunzi. Poyamba ndinayesa ndi nthambi. Nthambi ija inayamba kutsatira.

Miyendo inazizira. Ndinasiya kupukusa, n'kugwedeza ndodo kamodzi. Kansomba kanatembenuka cham'mbali, kuonetsa nthiti zonse, monga kankachitira m'bafa muja. Ndinangoona choyera chikutseguka, kukamwa, ndipo kansombako kanazimirira. Ndodo inapindika mpaka pogwirira. Chingwe chinalira chikutuluka, mlamu anataya ndodo yake m'bwato n'kuyamba kufuula, "Musaipatse mpata alamu, ikulowera kumtengo! Ikokereni kuno!" Ndinaitembenuza isanafike pachitsa. Inadumpha koyamba patali, thupi lonse panja pa madzi, ikupukusa mutu, kukamwa kuli yasaa koti chibakera changa chikanalowa osakhudza m'mbali. Mimba ili tantha ndi mazira. Chiyambire kuwedza kuno sindinaonepo bass yotere pachingwe changa. Makilo anayi, mwina kuposa. Ndikudziwa kuti nsomba yothawa imakula tsiku ndi tsiku m'kamwa mwa msodzi, koma mlamu anaiona, ndipo iye sakonda kundiyamikira.

Tinalimbana mwina mphindi zitatu. Inayamba kufooka, ikubwera cham'mbali, mlamu watambasula kale ukonde wovuulira, watsala mkono umodzi kuti aifike. Inadumpha kachiwiri pafupi ndi bwato, madzi kutiwaza kumaso. Kenako chingwe chinangoti lende.

Ndinayesa chingwe chaduka, kapena mfundo yanga yamasuka. Zikanatero ndikanadzitukwana ndekha, nkhani n'kuthera pomwepo. Ayi. Kansomba kanabwera bwinobwino, kakusambira mokongola ngati palibe chachitika. Nditakanyamula ndinaona kuti mbedza ya mano atatu ya kumchira kulibe. Mphete yachitsulo yolumikizira ija inali itawongoka, yatseguka ngati waya wa galimoto zimene tinkapanga tili ana. Mbedza ya kumimba nayo dzino limodzi linali litapindikira kunja. Zoti zitha kukoka ng'ona zija.

Ndinakhala pansi m'bwato osayankhula kwa nthawi. Chondipweteka china n'chakuti nsomba ija ndikanaijambula n'kuibweza m'madzi, monga timachitira kuno ndi zikuluzikulu za mazira, ngakhale abale kumudzi amandiseka kuti Joni yandizunguza mutu mpaka kumataya ndiwo. M'malo mwake inapita ndi mbedza ya mano atatu pakamwa. Kaya inailavula, kaya ikuvutika nayo. Mlamu anangoti, "Pepani alamu," n'kundipatsa tiyi wa m'fulasiki. Munthu amene amandiseka pa chilichonse, tsiku limenelo sanaseke.

Lolemba ndinabwerera kushopu, mphete ili m'kapepala. Mnyamata yemwe uja. Anaiyang'ana ngati ndamuonetsa chitosi, n'kunena kuti ndinamangitsa kwambiri drag (buleki ya chopukusira chingwe), ndiye vuto ndi langa. Ndinamuuza kuti chingwe chakutsogolo chinali chopirira mapaundi 15 ndipo sichinaduke, ndiye mphete ya nyambo ya R420 ingagonje bwanji chingwe chili chilili? Anati katundu wolowa kale m'madzi sabwezedwa. Sindinkafuna n'komwe kubweza ndalama. Ndinkafuna anene kuti pepani, kapena andipatse timphete tiwiri tolimba, zinthu zosafika R20. Anatembenukira kwa kasitomala wina amene analowa pambuyo panga. Ndinatuluka ndisanachite zoti apolisi abwere.

Kansombako kanakhala milungu iwiri m'kabati, sindinkafuna kukaona. Amene anandibweza ndi mdala wina wa kuno amene timakumana pokwerera mabwato. Anakatembenuza m'manja, n'kunena kuti thupi lake ndi labwino, ndingosintha zitsulo zonse. Ndinagula mphete zolimba ndi mbedza za waya wonenepa kushopu ina, R95 zonse, ndi kapulayala kotsegulira mphete, chifukwa ndi chikhadabo mungalire. Apa samalani: ndinayamba ndi mbedza zazikulu kuposa zimene zinalipo, kansomba kanayamba kumira msanga ndi kuweramira kutsogolo, kusambira konse kuja kunatha. Ndinabwerera ku saizi yake yomwe, yolimba chabe, n'kukayesanso m'bafa mpaka kanayambiranso kutembenuka bwino.

Ndiye apa ndiyenera kunena chilungamo, ngakhale mtima sukufuna. Kuyambira October mpaka kumapeto kwa November kandigwirira bass 11. Yaikulu inali makilo 2.8 pa sikelo, ku damu la Inanda. Palibe ngakhale imodzi yochepera kilo. Ndicho chabwino chake: tiana timakaopa, ndiye ungathe tsiku lonse osamva kugunda, koma ikagunda ndi nsomba yeniyeni. Mlamba wina waukulu unakameza tsiku lina masana, kundikoka mphindi khumi, n'kukasiya kali mamina okhaokha, koma mphete zatsopano sizinasunthe. Mfundo za thupi lake nazonso zikadali zolimba, sizinayambe kugwedera ngakhale pang'ono, ndipo madzi salowa m'kati. Pamenepo opanga anagwira ntchito.

Chimene chandidabwitsa ndi ichi. Penti ija yayamba kale kukalika ndi mbedza, m'nthiti muli mizere yoyera, diso lakumanzere linagwa sabata yachitatu ndipo sindinabwezeretse. Pano kakuoneka ngati kapulumuka pangozi ya minibasi. Koma nsomba zisanu ndi ziwiri mwa 11 zija zagwidwa kali ndi diso limodzi. Ndiye mamba ojambulidwa limodzilimodzi aja amakola ndani, bass kapena ine? Bass ili ndi mzere m'nthiti umene imamvera kugwedezeka kwa madzi, ndipo m'madzi a matope mvula ikagwa imapeza nyambo isanaione n'komwe. Lauri Rapala wa ku Finland anasema nyambo yake yoyamba mu 1936 ndi mpeni, n'kuikuta ndi kapepala konyezimira ka chokoleti, chimene ankatsanzira chinali kayendedwe ka kansomba kovulala. Ngakhale kwathu ana amagwira ncheni ndi kachitsulo kongonyezimira. Sindikuti maonekedwe alibe ntchito. M'madzi oyera, nyambo yoyenda pang'onopang'ono ngati iyi nsomba imaitsatira n'kuiyang'anitsitsa, ndaziona ndi maso zikutsatira mpaka pabwato n'kubwerera. Pamenepo mtundu ndi kukula kofanana ndi kurper, chakudya chake cha tsiku ndi tsiku m'madamu muno, zimathandiza. Koma ndalama imene anaiwononga pojambula timitsempha ta m'diso akanaiika pa mphete, bwenzi pano ndili ndi chithunzi cha makilo anayi.

Zina zing'onozing'ono. Mchira wake ndi wa labala yofewa ija yotanuka, musauike bokosi limodzi ndi nyongolotsi zapulasitiki wamba, zimasungunulana. Mchira wapadera umene unali m'paketi ndinaupeza utasanduka phala, ndipo pabokosi sanalembepo chenjezo. Kamakodwanso m'mitengo kwambiri, mano asanu ndi limodzi ali panja onsewo. Ine ndimayenda ndi pulagi yakale ya galimoto yomangirira kakolowa, ndimaitsetsereka pachingwe kuti ikagunde nyambo n'kuikolola, yandipulumutsira R420 kanayi. Pa udzu wothinana kapena namasupuni musaponye n'komwe, pamenepo mpofunika nyambo yonga chule.

Ndikagulanso? Kakatayika aka, mwina inde, ndipo zikundinyansa kuvomera. Koma ndidzachotsa mphete ndi mbedza zake ndisanachoke pamalo oimika galimoto, ndiye mtengo wake weniweni muwerengere R515. Kwa amene mukungoyamba kumene, kapena muli ndi ndodo imodzi yopepuka, gulani mapaketi anayi a nyambo zofewa, mudzasangalala kuposa ine. Nyenyezi zitatu ndapereka chifukwa cha kasambiridwe ndi nsomba 11 zija. Imodzi yapita ndi mphete. Inayo yapita ndi mnyamata wa pakauntala, ngakhale ena munena kuti iye si amene anapanga nyamboyo. Ndi iye anatchula ng'ona.

Kushopu kuja ndimadutsako ndithu, poti ndi yokhayo yapafupi yokhala ndi chingwe cha fluorocarbon chimene ndimakonda, koma ndimayamba ndasuzumira pawindo. Akakhala mayi achikulire aja patilu ndimalowa, amandilonjera bwino ndipo amafunsa za kudamu. Akakhala iye ndimapitirira. Mphete yowongoka ija ikadali m'chikwama changa cha ndalama, m'kapepala komwe kaja. Mwini shopu akuti amabwera Lachisanu lokha, ndipo Lachisanu ine ndimaweruka mochedwa.